Kukagona kutchire ku Dedza ndi magetsi a sola: werengerani kaye musanagule

Ulendo wanga woyamba wokagona kumapiri a Chongoni unathera pokankha galimoto. Tinalipo anthu anayi, pikapu imodzi, matenti awiri ndi kafiliji kobwereka komwe tinangokalumikiza ku batire la galimoto. Sola tinali nayo, ndipo wogulitsa anachita kundilumbirira kuti ndi ya ma watts 150. Tsiku lachiwiri kunacha ndi nkhungu ija ya mu Julayi yoti mbuzi ili pakhomo osaiona, ndipo sinachoke mpaka madzulo. M'mawa wa tsiku lachitatu nditapotokola kiyi, galimoto inangoti kete kete, kenako zii. Anatiwombola ndi anyamata a m'mudzi wapafupi, ndipo mkulu wina amene ankaonerera atafunda bulangete anangoti, "Achimwene, dzuwa la kuno silili pa ganyu ya munthu."

Sola ija sinalakwe kwenikweni. Ndinalakwa ndine, chifukwa ndinagula ndisanawerengere. Zomwe ndikulemba apa ndi ndondomeko yomwe ndimatsata tsopano ndikamapita kukagona kutali ndi mapolo a magetsi, kaya ndi cha ku Mphunzi, kuseri kwa Bembeke kapena kumunsi kwa Golomoti.

Choyamba: lembani chilichonse chomwe chidzadye moto

Tengani pepala. Chipangizo chilichonse chili ndi ma watts ake, olembedwa pa chaja kapena kunsi kwake. Chulukitsani ma watts amenewo ndi maola omwe chidzayake patsiku. Yankho lake amalitcha Wh, ndipo ndiwo muyeso womwe tigwiritse ntchito mpaka kumapeto. Muziuona ngati ndowa za chimanga: zingati zikudyedwa patsiku, zingati zikukololedwa, zingati zili m'nkhokwe.

Pepala langa la anthu anayi limaoneka chonchi. Mafoni anayi, iliyonse pafupifupi 15 Wh kuti idzaze, ndiye 60. Mababu awiri a LED a ma watts 5 oyaka maola anayi, 40. Laputopu kuitchaja kamodzi, 60. Mabatire a kamera ndi matochi, 30. Zonsezi pamodzi ndi 190 Wh basi. Kenako pamabwera mlamu wadyera, filiji. Kafiliji ka 12V kokhala ndi kompuresa kamakoka ma watts 45 kapena kuyandikira pamenepo kakamalira, ndipo sikalira tsiku lonse. Tinene maola 8 pa maola 24. Apo ndi 360 Wh, kuposa zina zonse kuziphatikiza. Pamwamba pa Dedza, pomwe tauni yokha ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kamalira pang'ono chifukwa kunja n'kozizira kale. Mukatsika Khwekhwelele kupita ku Golomoti kapena ku Mua mu Okutobala, kamalira ngati kalodzedwa.

Tafika pa 550. Onjezerani moto wotayikira m'mawaya ndi m'machaja, komanso mafoni a eni dera. Izi musaseke nazo. Mukangoyala sola pafupi ndi mudzi, dzuwa lisanapendeke kwabwera mwana atanyamula mafoni atatu, "akuti amayi mutitchajireko." Simungakane, ndipo si bwino kukana, pakuti anthu omwewo ndiwo adzakukankheni mukatitimira. Ine ndimangozunguliza pa 700 Wh patsiku ndikatenga filiji, ndi 250 ndikaisiya.

Ketulo, ayironi, hotipuleti ndi chilichonse chotenthetsa, zichotseni papepalapo. Ketulo imakoka ma watts 1,500 mpaka 2,000. Tiyi wa ku Dedza aphikidwe pa gasi kapena pa mbaula.

Chachiwiri: batire, osati sola, ndilo muyambe kugula

Anthu ambiri amathamangira sola yaikulu chifukwa ndiyo imaoneka. Koma usiku ndi tsiku la nkhungu amakudyetsani ndi batire. Ngakhale fakitale ya magetsi a dzuwa ya ma megawatts 20 ya ku Golomoti, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022, anaimangira mabatire ake.

Batire limalembedwa ma Ah. Chulukitsani ndi 12 kuti mupeze ma Wh: la 100Ah ndi 1,200 Wh. Koma si zonse zomwe mungadye. Batire la mtovu, kaya ndi la madzi, la gel kapena AGM, silifuna kutsika kupyola theka. Mukamalikama mpaka pansi limafa msanga. Choncho la 100Ah limakupatsani 600 Wh, zomwe pa pepala lathu lija sizikwana ngakhale tsiku limodzi lopanda dzuwa. La lithium, lolembedwa LiFePO4, la 100Ah lomwelo limapereka 1,000 Wh ndi kupitirirapo popanda kudandaula, ndipo limalemera makilogalamu 12 kapena 13 pomwe la mtovu limafika pafupifupi 30. Mtengo wake ndiwo umaimitsa mutu.

Maganizo anga ndi awa: ngati mulibe filiji, batire la mtovu la 50Ah mpaka 70Ah likukwanirani. Ngati filiji mukuifuna ndipo mumapita mu Juni ndi Julayi, pezani lithium ya 100Ah kapena mabatire awiri a mtovu a 100Ah. Ndalama zikavuta, siyani filiji, mugule nyama ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku kwa anthu a komweko. Mbatatesi, kabichi ndi tomato za pa Bembeke kapena pa Lizulu sizifuna filiji.

Batire loyatsira galimoto lisiyeni ndi ntchito yake. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, osati kukamidwa usiku wonse. Funsani batire lolembedwa deep cycle.

Chachitatu: sola, ndi mmene mungagwirire yabodza

Ma watts olembedwa kuseri kwa sola anayezedwa pa dzuwa lamphamvu, sola ili yozizira pa madigiri 25, yopanda fumbi. Kutchire simudzazipeza zimenezo. Powerengera ndimatenga maola asanu a dzuwa lenileni pa tsiku lowala, n'kuchotsapo magawo atatu pa khumi alionse. Sola ya ma watts 100 ndiye imakolola 350 Wh patsiku. Wa 250 Wh uja sola imodzi yamukwanira. Wa 700 afunika ma watts 200, ndipo apo wangolinganiza, palibe chotsala. Pa tsiku la nkhungu zokolola zimatha kugwa kufika pa kota kapena kuchepera apo.

Tsono zabodza zija. Pitani ku shopu ndi tepi yoyezera. Masola a masiku ano amapereka ma watts pafupifupi 180 mpaka 200 pa sikweya mita imodzi, kotero ya ma watts 100 iyenera kukhala cha m'ma theka la sikweya mita, monga mita imodzi mulitali ndi theka la mita mulifupi. Yanga ya "150" ija nditaiyeza pambuyo pake inali yosafika ngakhale pamenepo. Pepala lomata aliyense angasindikize, koma kukula kwa galasi sikunama. Ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, itulutseni solayo panja padzuwa: sola ya 12V yosalumikiza kalikonse iyenera kuonetsa ma volts 21 kapena 22. Wogulitsa wokana kuti muyese, msiyireni katundu wake.

Pali zagalasi zolimba ndi zopinda ngati chikwama. Zagalasi n'zotchipa ndipo zimakhalitsa, koma zimavuta kunyamula. Zopinda zimalowa kuseri kwa mpando, koma n'zodula ndipo mphepo imaziulutsa. Ine ndimakonda ziwiri zagalasi za ma watts 100 kusiyana ndi imodzi yaikulu, chifukwa munthu mmodzi amatha kuzisuntha, ndipo imodzi ikasweka simubwerera chimanjamanja.

Chachinayi: kontolola, mawaya ndi fyuzi

Musalumikize sola molunjika ku batire, ngakhale mwaona ambiri kumudzi akutero. Masana batire limawira, madzi n'kuuma. Pakati pake pamafunika kontolola, ena amati regulator. Ilipo ya mitundu iwiri. PWM ndi yotchipa ndipo imagwira bwino ndi masola ang'onoang'ono a 12V. MPPT ndi yodula koma imafinya moto wochulukirapo, makamaka kukazizira. Ngati mwagula sola yaikulu ya padenga la nyumba, ija ya ma volts 30 kapena 40, MPPT ndi yokakamiza. Pa PWM mutaya theka la mphamvu yake kapena kuposa. Onaninso ma volts omwe kontolola imalola kulowa, musiye mpata, chifukwa sola ikazizira ma volts ake amakwera, ndipo m'mawa wa ku Dedza umazizira zenizeni. Pa ma watts 200 ndi batire la 12V, kontolola ya ma amps 20 ikwana. Muiuze mtundu wa batire lanu; ya lithium ndi ya mtovu sizitchajidwa mofanana.

Mawaya ndi pomwe anthu amaumira, n'kumadabwa kuti batire silikudzaza. Pa 12V waya wowonda amadya moto panjira. Kuchokera pa sola kufika pa kontolola gwiritsani ntchito waya wa kopa wa 4mm², ndipo ngati ndi wautali mamita 8 kapena 10, tengani wa 6mm². Waya wa sipika kapena wa nyale za m'nyumba ayi.

Fyuzi iikidwe pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi mutu wa batire, pasapitirire chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Batire likachita shoti limasungunula waya m'masekondi ochepa, ndipo mu Sepitembala udzu wa m'mapiri umangodikira kamoto kamodzi.

Dongosolo lolumikizira ndi ili, ndipo musalisinthe: batire ku kontolola poyamba, kuti idziwe ma volts omwe ikugwira nawo ntchito. Kenako sola. Pomaliza zipangizo. Pomasula yambani ndi sola, batire pomaliza. Inveta, yomwe imasandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba, ngati muli nayo, ipite ku batire mwachindunji ndi fyuzi yakeyake, osati pa timabowo ta kontolola tolembedwa load. Komabe yesetsani kuipewa. Inveta imadya moto ngakhale palibe chomwe mwalumikiza, ndiye kusandutsa 12V kukhala 230V kuti chaja ya foni iibwezenso pa 5V n'kuzungulira phiri pomwe njira yachidule ilipo. Mafoni atchajidwe pa USB, mababu ndi filiji zikhale za 12V, laputopu igulireni chaja ya m'galimoto.

Chachisanu: gonani pakhomo kaye

Lumikizani zonse pabwalo la nyumba yanu, muzigwiritse ntchito masiku awiri ngati muli kutchire. Waya wofupika, pulagi yosalowa, fyuzi yopsa, zonsezi zionekere pomwe hadiweya ili pafupi.

Chachisanu ndi chimodzi: msewu

Mukangosiya M1 n'kulowa msewu wafumbi, mdani wa katundu wanu si dzuwanso koma kugwedezeka. Batire likhale pansi, m'bokosi, lomangidwa ndi malamba kapena malegeni moti ngakhale mutaligwedeza ndi manja awiri lisasunthe. Mitu yake ivindikiridwe, chifukwa sipanala imodzi yodumpha pa bampu n'kugwera pa mitu yonse iwiri ndi moto umenewo. Batire la madzi likapendekeka limataya asidi, ndipo asidi amadya tenti, zovala ndi pansi pa galimoto. Pa maulendo otere la gel, AGM kapena lithium ndilo labwino.

Masola agalasi ayende choimirira, magalasi atayang'anizana, pakati pake pali bulangete, kunja kwake matiresi. Musawagoneke pansi n'kusanjikapo majerikani. Galasi likhoza kuoneka lamphumphu koma timaselo ta m'kati tathetheka, ndipo mudzangoona zokolola zikuchepa osadziwa chifukwa. Ngati mwaimangirira padenga la galimoto, kumbukirani nthambi za m'misewu ya m'nkhalango, ndipo mabawuti muziwakhwimitsa mukaima.

Ulendo womwewo ungakutchajireni batire. Chofunika ndi kachipangizo kolekanitsa mabatire awiriwo injini ikazima, kotchedwa isolator, kapena chaja ya DC-DC, yomwe pa lithium ndiyo yoyenera. Soketi yoyatsira ndudu ya m'galimoto imangopereka ma amps pafupifupi 10, ndipo imamasuka yokha pa mabampu. Mulimonsemo, chokani pakhomo batire litadzaza.

Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dothi lofiira la m'mapiri awa limaterera ngati sopo. Funsani a kabaza pa siteji musanakhote. Iwo ndiwo amadziwa mlatho womwe wakokoloka dzulo.

Chachisanu ndi chiwiri: posankha malo, funsani

Musanakhome chikhomo cha tenti, kaonekereni kwa amfumu, ndipo ngati muli m'nkhalango ya boma monga ya Chongoni kapena ya phiri la Dedza, yambani mwapempha chilolezo kwa a zankhalango. Safunsa anadya phula. Kagulu ka mitengo yachilengedwe kowirira bwino pakati pa minda, komwe mlendo angati apa ndiye pamthunzi pabwino, kawirikawiri ndi manda, ndipo kuno kwa Achewa kumanda kumakhalanso dambwe. Simukufuna kukafotokoza zimenezo pabwalo.

Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija n'za Akafula, zoyera n'za makolo a Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mapanga a ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi okaona masana n'kubwerako. Si ogonamo, si osonkhamo moto, ndipo si otsamiritsapo sola.

Pa nkhani ya dzuwa, yang'anani komwe phiri lili. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo ngakhale timapiri ting'onoting'ono timaba dzuwa. Mukamanga msasa kumadzulo kwa phiri, m'mawa wonse muli mumthunzi. Kum'mawa kwake, dzuwa likuthawani masana akadalipo. Choipitsitsa m'nyengo yozizira ndi kum'mwera kwa phiri, chifukwa miyezi imeneyo dzuwa limadutsa chakumpoto. Funani malo otseguka kumpoto. Galimoto, filiji ndi batire zikhale pamthunzi, sola yokha ipite padzuwa. Waya wautali uja ntchito yake ndi imeneyi, ndipo n'chifukwa chake sindikonda sola yokhomerera padenga yokhayokha.

Chachisanu ndi chitatu: kulozetsa

Dedza ili madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa equator. Mu Juni ndi Julayi dzuwa la masana limakhala litapendekera kumpoto ndi madigiri pafupifupi 35, ndiye sola iyang'ane kumpoto itadzutsidwa ndithu, osati kugona pansi. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo, moti kuigoneka n'kuikweza pang'ono kuti madzi azitsetsereka kwakwana. Kumpoto mukupeza chonchi: m'mawa imani dzanja lamanja litaloza kotulukira dzuwa, komwe nkhope yayang'ana ndi komweko.

Koma njira yosavuta kuposa madigiri ndi ya kabotolo. Imikani kabotolo kapena chitsekerero chachitali pagalasi la sola, muchigwire, muzipendeketsa sola mpaka chithunzithunzi chake chitasowa. Apo yalunjika. Chitani zimenezi katatu: m'mawa, masana ndi cha m'ma 3 koloko. Kusuntha kokhako kumawonjezera zokolola moonekeratu pa kontolola.

Mthunzi waung'ono si waung'ono kwa sola. Timaselo take tinalumikizidwa mondondozana ngati anthu opatsirana njerwa, ndiye mmodzi akaima mzere wonse waima. Nthambi imodzi ya paini, chingwe cha tenti, tsamba lomatirira kapena chitosi cha mbalame zingagwetse mphamvu ndi gawo lalikulu. Pukutani galasi m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa, mame asanaume n'kumata fumbi la dzulo. Osathira madzi ozizira pagalasi lotentha masana. Pansi pake pazipita mpweya, chifukwa sola ikatentha mphamvu imatsika. Ichi n'chifukwa chake tsiku lowala la mu Ogasiti pamwamba pa Dedza limatha kukolola bwino kuposa chitentha cha kunyanja. Miyendo yake itsinjikeni ndi miyala, mphepo ya miyezi imeneyi sichenjeza. Mbuzi nazo zimakonda kukwera chilichonse chopendekeka, ndipo mawaya zimalawa.

Chachisanu ndi chinayi: kudya moto mwanzeru

Tchajani zonse masana, dzuwa lili pamutu: mafoni, laputopu, matochi, ndi a eni mudzi omwe. Moto wochoka pa sola kupita m'foni nthawi yomweyo suvutitsa batire. Filiji muitsitse kwambiri masana, ikhale yodzaza ndi mabotolo a madzi, usiku muikweze pang'ono. Mu Juni pamwamba pa phiri ine ndimaizimitsa kumene pogona, ndipo m'mawa zinthu zimakhala zili zizizi.

Batire la mtovu muziliyeza m'mawa dzuwa lisanagunde sola, zonse zitazima kwa kanthawi. Ma volts 12.6 mpaka 12.8 ndiye ladzaza. Pa 12.2 muli cha pa theka, yambani kuumira. Likafika 12.0 zimitsani filiji osakambirana. Lithium imapusitsa, chifukwa imakhala cha pa 13.2 nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Ngati lili ndi kowerengera kake ka maperesenti, khulupirirani kameneko. Lithium isatchajidwenso ikazizira kufika pa digiri 0, choncho usiku wa chisanu choopsa igone m'galimoto, osati pa udzu. Batire la madzi lisagone nanu m'tenti, chifukwa likamatchaja limatulutsa mpweya woyaka.

Nkhungu ikagwa, musachotse sola. Imakololabe pang'ono, ndipo pa tsiku lotero kuigoneka chagada kumathandiza chifukwa kuwala kukuchokera kumwamba konse. Dulani laputopu, mutsale ndi babu limodzi, ndi foni imodzi yodzaza yomwe palibe aigwire, yosungira ngozi. Netiweki ikamavuta foni imatha moto msanga pofunafuna, ndiye enawo aziike pa flight mode. Tsiku lachiwiri likachanso chimodzimodzi, yendetsani galimoto ola limodzi kapena awiri kuti itchaje, kapena tsikirani ku Mua mukaone zosema za ku KuNgoni, kumunsiko dzuwa limapezeka pomwe pamwamba pali chimvumbi. Mvula ya mabingu ikamabwera, masulani waya wa sola, muupinde, sola ilowe m'galimoto.

Mukabwerera kunyumba

Batire la mtovu litchajeni lidzaze tsiku lomwelo; likakhala milungu lili lopanda moto silibwereranso mwakale. La madzi onani mulingo wake, muwonjezere madzi a batire ogula, osati a pa mjigo. Lithium yoti ikhala miyezi osagwira ntchito isungidwe ili cha pa theka. Batire lakufa musalitaye kudzala kapena kumunda, mtovu ndi poizoni. Ogula zitsulo zakale amalitenga.

Pepala lija musataye. Lembanipo ma volts a m'mawa uliwonse, masiku omwe kunali nkhungu, ndi mafoni angati a alendo omwe munatchaja. Langa la ulendo wathawu likuonetsa mafoni 11 pa masiku atatu, wailesi imodzi, ndi tochi ya amfumu.